KUKONZA ULENDO WOONA DZIKO NDI KUCHEZERA ABALE

(Mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa chikondwerero cha bungwe lathu)

Tithokoza a komiti potipatsa mpata uno kuti tikambe za kakonzedwe ka ulendo wa pa galimoto wa masiku angapo, pamene banja lifuna kuona malo otchuka a dziko lathu ndiponso kuchezera abale m'njira. Sanatisankhe chifukwa chakuti ndife akatswiri ai, koma chifukwa tinalakwitsapo ulendo wotere, ndipo kulakwako kukutiwawabe mpaka lero.

Zaka zingapo zapitazo banja lathu linanyamuka ku Blantyre kupita ku Livingstonia, kudzera njira ya kunyanja. M'galimoto tinalimo anthu asanu ndi mmodzi. Tinatumiza mau kwa azakhali athu a ku Nkhotakota, amene anali okalamba ndithu, kuti tidzafika Lachitatu masana. Tsikulo tinadzukira ku Cape Maclear. Ana anapempha kusambira pang'ono, tinalola. Titafika pa Mua tinati tingolowa kanthawi, koma tinatha maora awiri. Titapitirira Salima tayala linaphulika, ndipo apo m'pamene tinazindikira kuti lapadera linalibe mpweya. Kwa azakhali tinafika 10 koloko usiku.

Iwo anali atapha nkhuku m'mawa, ataphika mpunga, ndipo adzukulu anakhala pa mseu kuyambira masana mpaka mdima. Tinadya chakudya chozizira, tinacheza pang'ono, ndipo mbandakucha tinanyamuka chifukwa malo ogona a ku Mzuzu tinali titalipira kale. Potsazikana azakhali anati, “Ana inu, nkhope zanu ndaziona ndi nyali yokha.” Tinalonjeza kudzabweranso. Tinabweradi, koma tinabwerera maliro ao. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tsono zimene titi tinene pano tinaziphunzira pa ulendo umenewo, ndipo tinaziyesa pa ulendo wachiwiri, umene unayenda bwino.

Choyamba, khalani pansi banja lonse kukali miyezi iwiri kapena itatu, mutenge pepala ndi pensulo. Pa pepalapo yambani kulemba maina a anthu, makamaka okalamba ndi odwala, ndipo malo okaona abwere pambuyo. Phiri la Zomba lidzakhalapo chaka chamawa, nyanja nayonso siisamuka, koma agogo sitidziwa. Onaninso kuti akuchimuna ndi akuchikazi alembedwa mofanana, chifukwa ulendo wokondera mbali imodzi umabala mlandu mukabwerako. Amene simudzatha kuwafika auzeni msanga, kapena apempheni kuti adzakupezeni pa khomo limene mudzagone, m'malo moti adzamve kwa ena kuti galimoto yanu inadutsa pa mseu.

Chachiwiri, werengani nthawi moona. Pa khomo la mbale palibe kuima kwa mphindi makumi awiri. Adzayala mphasa, moni adzayamba kwa wamkulu mpaka kwa khanda, nkhuku idzayamba kuthamangitsidwa inu mutafika, ndipo simungachoke osakaona anansi kapena kupepesa maliro amene anachitika inu kulibe. Khomo lililonse lipatseni theka la tsiku, ndipo la okalamba lipatseni tsiku lathunthu. Pa mseu napo, ife tinapeza kuti ndi ana m'galimoto, ndi maenje, ndi malo oimitsa apolisi, pa ora timayenda makilomita 50 kapena 60 basi. Dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko, ndipo usiku m'miseu yathu mumakhala njinga zopanda nyali, ngolo, ziweto ndi malole ofera pakati pa mseu. Konzani zofika pogona 4 koloko isanakwane.

Chachitatu, sankhani nyengo. Miyezi ya January ndi February mvula imakokolola milatho ya mseu wa kunyanja, komanso nkhokwe za abale zimakhala zitapepuka, kotero kuti alendo asanu ndi mmodzi ndi katundu wolemera. Nthawi yabwino ndi kuyambira May mpaka October, ndipo kwa amene ali ndi ana a sukulu, tchuthi cha August. Koma kumbukirani majuzi ndi mabulangete, pakuti pamwamba pa Zomba, ku Mzuzu ndi ku Chikangawa kumazizira kwabasi, ndipo pa nyanja kumaomba mwera.

Tsopano tikufotokozereni m'mene tinagawira masiku pa ulendo wachiwiri uja, kuti wina atengepo chitsanzo.

Tsiku loyamba tinachoka ku Blantyre m'mamawa kupita ku Zomba, ulendo wa makilomita pafupifupi 65. Zomba ndiye anali likulu la dziko mpaka chaka cha 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe. Tinakwera phiri, tinaona damu la Mulunguzi, ndipo tinakaima pa Emperor's View, malo otchedwa dzina limeneli chifukwa mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inafikapo m'chaka cha 1965. Masana tinaoloka Shire pa Liwonde, ndipo madzulo tinafika ku Mangochi, kumene kale kunkatchedwa Fort Johnston. Pafupi ndi mlatho pali nsanja ya koloko yokumbukira Mfumukazi Victoria, ndiponso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya m'chaka cha 1946.

Tsiku lachiwiri tinalipereka lonse kwa ana ku Cape Maclear, kuti asambire mpaka atope, asadzavutenso mawa lake. Kumeneko ndi kumene mishoni ya Livingstonia inayambira m'chaka cha 1875, ndipo manda a amishoni oyamba alipobe. Derali lili m'paki ya Nyanja ya Malaŵi, yotchuka ndi tinsomba ta mbuna. Pa za kusambira tichenjezane: m'madzi odekha a m'mbali mwa nyanja mumakhala likodzo, choncho mukabwerako kafunseni kuchipatala za mankhwala ake.

Tsiku lachitatu tinadzera ku Golomoti kukafika ku Mua, mishoni imene inayamba m'chaka cha 1902. Kumeneko kuli malo a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa m'chaka cha 1976, ndi nyumba ya Chamare yosungiramo za miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Ulendo uno sitinayang'ane koloko, chifukwa tinali titakonza kugona ku Salima. Apa ndi pamene tinakonza cholakwa chathu chakale: ulendo umene tinaupanikiza m'tsiku limodzi tinaugawa pawiri.

Tsiku lachinai tinafika ku Nkhotakota 10 koloko m'mawa, dzuwa likuwala, pakuti kuchokera ku Salima ndi makilomita pafupifupi 110. Tinakhala masiku awiri ndi ana a malemu azakhali aja. Iwo omwe ndiwo anatiperekeza kukaona mkuyu umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'chaka cha 1863 pa nkhani ya malonda a akapolo. Tinaona kuti mbale akakhala wokuperekezani, kuona malo ndi kucheza zimakhala chinthu chimodzi, ndipo ana amamva mbiri kuchokera pakamwa pa eni dera.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi tinadutsa minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, tinapatukira ku Bandawe, kumene mishoni ija inasamukira m'chaka cha 1881 pothawa malungo a ku Cape Maclear. Tinadutsa m'munda wa mitengo ya mphira ku Vizara, kumene anyamata amagulitsa mipira m'mbali mwa mseu, tinadya nsomba pa Nkhata Bay, ndipo tinakagona kwa achimwene ku Mzuzu.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri tinakwera ku Livingstonia, pa phiri la Khondowe, kumene Dr Robert Laws anakhazika mishoni m'chaka cha 1894. Mukadzera ku Chitimba mudzakwera mseu wa Gorodi, wa makilomita pafupifupi 15 ndi makona akuthwa 20, umene ufuna galimoto yamphamvu ndi woyendetsa wodekha. Galimoto yaing'ono idzere ku Njakwa, mbali ya ku Rumphi. Pamwambapo tinaona Stone House, nyumba ya miyala imene Dr Laws ankakhalamo, imene tsopano musungidwa zinthu zakale, ndiponso mathithi a Manchewe, amene madzi ake amagwa mamita oposa 100. Ana agwireni padzanja pamenepo.

Pobwerera tinatenga masiku awiri kudzera mseu wa kumtunda: Chikangawa, kumene nkhungu imatseka mseu m'mawa, Jenda, Kasungu ndi Lilongwe, kumene tinagona. Mawa lake tinaima ku Dedza, dera la zojambula zakale za pa miyala ku Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linazilemba m'gulu la chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006. Mbatata ndi kabichi tinagula pa Lizulu. Onse pamodzi anali masiku 9, ndipo tinasiya tsiku lakhumi lopanda chochita, kuti galimoto ikavuta kapena tikapeza zovuta pa mudzi, tisathamangire.

Tinenepo za ndalama. Ife tinazigawa m'maenvulopu asanu: za mafuta ndi zolipira pa zipata za mseu monga pa Chingeni ndi Kalinyeke, za malo ogona, za chakudya, za mphatso za abale, ndi za mwadzidzidzi. Envulopu yomalizayi isungeni inu amai, ndipo musaitsegule chifukwa cha chambo chotsika mtengo. Mafuta thirani paliponse pamene mwawapeza thanki ikafika theka, pakuti simudziwa za kutsogolo.

Mlendo ndi mame, koma mame asasiye nkhokwe ya mwini ili mbee. Pa khomo lililonse pamene mudzagone konzani phukusi lake musananyamuke: shuga, mchere, sopo, mafuta ophikira, tiyi, ndi chitenje cha mai wa pakhomo. Lembani dzina pa phukusi lililonse, chifukwa mukangoika pamodzi, zonse zidzathera pa khomo loyamba. Nyamulani mphasa, zofunda ndi masikito anuanu. Ana auzeni kukali kunyumba kuti adzagwada popereka moni, adzadya chimene chaikidwa, ndipo mafoni adzakhala m'chikwama pamene akulu akucheza. Ndipo siyani malo m'galimoto, pakuti simudzachoka chimanjamanja. Mpunga, usipa ndi nthochi zidzafuna pokhala.

Galimoto ipite kwa amakanika sabata imodzi ulendo usanafike, osati dzulo lake. Abambo adzanena kuti zonse zili bwino, koma inu pitani mukaone ndi maso anu tayala lapadera, jeke ndi sipanala, ndiponso mapepala a inshuwalansi, laisensi ndi chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera pa mseu. M'chikwama chanu mukhale zitupa za unzika, mabuku a kuchipatala a ana, mankhwala okwanira masiku onse kwa amene amamwa a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, tochi, ndi madzi akumwa. Mwana akatentha thupi m'njira, kayezetseni malungo tsiku lomwelo pa chipatala chapafupi, osadikira kufika kwanu.

Pomaliza, mau amene mwapereka kwa mbale asungeni. Mukanena Lachitatu masana, likhale Lachitatu masana. Mukaona kuti muchedwa, imbani foni nthawi yomweyo, nkhuku isanaphedwe ndiponso ana asanatumidwe ku mseu. Ngati pafunika kusiya china, siyani mathithi kapena phiri, koma osasiya munthu amene wakhala akuwerenga masiku kukudikirani.

Amai anzathu, dziko lathu ndi lokongola ndipo n'koyenera kuti ana athu alione ndi maso ao, asamangolimva m'mabuku a sukulu. Koma chibale ndi fupa, sichiola, ndipo ana omwewo ayenera kudziwa makomo a kwao. Tikupemphani kuti mukafika kunyumba mutenge pepala lija, mulembe dzina la wokalamba amene mwatenga nthawi osamuona, ndipo ulendo wanu muukonze kuyambira pa dzina limenelo.