Asanatisamutse, ayambe atifunsa

 Ine ndine mlimi, sukulu sindinapite nayo patali, koma nkhani ya leroyi ikutikhudza tonse. Matauni athu akukula. Misewu ikukuzidwa, misika ikusunthidwa, mabairo akudulidwa maploti atsopano. Chitukuko timachifuna ndithu. Koma kodi eni malowo amafunsidwa chimene akufuna?

Tiyeni tikumbuke za anzathu a ku Moatize. Mu 2009 ndi 2010 kampani ya Vale inasamutsa mabanja oposa 1,300 kuti ikumbe malasha. Alimi ambiri anawapititsa ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize. Kumeneko anapeza nyumba za simenti ndi malata, sukulu ndi chipatala. Koma minda yambiri inali yamiyala, madzi ovuta, msika kutali. Oumba njerwa ndi owotcha makala anasowa owagula. Nyumba zina zinayamba kung'aluka. Mu Januwale 2012 anthuwo anatopa, natseka njanji ya sitima ya malasha.

Mwaona abale? Malata sadyedwa. Munthu amakhala ndi moyo chifukwa cha munda, chitsime, msika wapafupi, manda a makolo, ndi mnansi amene amamubwereka mchere kapena kumuonera mwana akapita ku maliro. Mukamwaza anthu amenewa, mwagwetsa mudzi ngakhale nyumba zikhale zopentapenta.

Chaka chomwecho cha 2012 boma linatulutsa Decreto 31/2012, lolamula kuti anthu osamutsidwa azifunsidwa pa misonkhano yosachepera 4. Nalonso lamulo la nthaka la 1997 linanena kuti nthaka ndi ya boma, koma amene wakhala pamalo motsata mwambo wa makolo, kapena mwachilungamo kwa zaka 10, ali ndi ufulu pamalopo ngakhale alibe chikalata.

Ndiye pempho langa ndi ili. Sekeletale wa bairo akaitana msonkhano, tisamati mfumu ikatiyankhulira, tipite tokha. Amayi musakhale kumbuyo, ndinu mumadziwa kutalika kwa kumadzi. Tifunse kuti munda uli kuti, ndi waukulu bwanji, chapa imafikako kodi, manda athu atani, ndipo anansi tikhala limodzi kapena ayi. Zimene alonjeza azilembe, atiwerengere m'chinenero chathu, ndipo ife tibwere nazo kuno ziulutsidwe pa wailesi kuti mboni zichuluke.