Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Mphoto za Sayansi ku Kafue



Nonse mumaudziwa mlatho wa njanji wa pa mtsinje wathu wa Kafue. Anaumanga mu 1906, koma mpaka lero sitima zikuwolokapo, chifukwa wina anakhala pansi n'kuwerengetsera katundu amene chitsulo chilichonse chingapirire. Ntchito yanga ndi yomweyo: kudziwiratu pamene chinthu chidzathyokere chisanathyoke. Kungoti ine ndinasiya chitsulo, ndinapita ku zinthu zophatikiza.

Musaziyese zachilendo. Boti la fayiba limene asodzi amapalasa pamtsinjepa ndi ulusi wagalasi womatidwa ndi utomoni. Ndege ya Boeing 787, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi zinthu zotere, makamaka ulusi wa kaboni. Ulusiwu uli ngati nsungwi: kuikoka m'litali simungaidule, koma kuing'amba ndi mpeni n'kosavuta. N'chifukwa chake timayala ulusi mosanjikiza, wina chautali, wina chopingasa, monga amachitira agogo anu poluka lichero. Kompyuta imatithandiza kuona pamene mphamvu yaunjikana, makamaka m'mbali mwa mabowo a mabawuti.

Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti chitsulo chikapweteka chimapindika, aliyense amaona. Zophatikizazi ayi. Zimasendeka m'kati, kunja kuli see. Nthawi zina timagogoda ndi kandalama n'kutchera khutu, ngati mayi wogula mphika wadothi pamsika. Pamakina akuluakulu timapima ndi mafunde a phokoso.

Njira yofikira pa ntchito imeneyi ndi yaitali, sindikubisirani. Masamu ndi fizikisi pa Giredi 12, kenaka uinjiniya ku UNZA kapena ku Copperbelt University, kulembetsa ku Engineering Institution of Zambia, ndiye zaka zambiri ukuwerengetsera pansi pa wina. Injiniya wamkulu ndi amene amasaina kuti chinthuchi anthu akwerepo. Tsiku loyamba kusaina, dzanja langa linanjenjemera.

Makolo, mwana wamkazi akakonda masamu musamubweze. Tauni ino inakulira pa mafakitale a feteleza, nsalu ndi zitsulo, ndipo ndikufunitsitsa kuti mwa ana ali panowa mutuluke woti maboti ndi matanki athu azitipangira ndi kutipimira konkuno.

Aphunzitsi aakulu, ndipatseni dzina loyamba, mwanayo abwere ndimugwire chanza.