Ana Amene Anamanga Sukulu Yao

Munthu wogwira nchito pa mgodi kapena m'tauni akatumiza mwana wace ku sukulu, amayembekeza kuti mwanayo sadzavutika ndi fosholo monga anavutikira atate wace. Cifukwa cace makolo ambiri amaipidwa pakumva kuti ana ao alikuumba njerwa kapena kukumba ngalande. Amafunsa kuti, kodi ndalama za sukulu zinalipidwa kuti mwana akagwire cibalo? Funso limeneli ndi lomveka, ndipo mbiri ya sukulu ina ya ku Botswana ithandiza kuliyankha.

Bambo Patrick van Rensburg anabadwira ku Durban m'caka ca 1931. Anali kugwira nchito yoimira Boma la South Africa ku Leopoldville, koma m'caka ca 1957 anaisiya cifukwa ca kudana ndi malamulo a tsankho. M'caka ca 1962 anafika ku Serowe, mudzi waukuru wa Abamangwato, m'dziko limene masiku amenewo linali kuchedwa Bechuanaland. Dzikolo linali losauka ndithu. Amuna ambiri anali kupita ku migodi ya ku Joni, ndipo masukulu a sekondale anali owerengeka. Tsono m'caka ca 1963 iwo ndi akazi ao anatsegula sukulu ya Swaneng Hill ndi ana 28 okha.

Ndalama zolembera amisiri zinali zocepa. Cotero aphunzitsi ndi ana anagwirizana kumanga okha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Anakumba maziko, anaumba njerwa, namanga zipinda zophunziriramo. Koma colinga sicinali kupulumutsa ndalama kokha. Bambo van Rensburg anaona kuti ana ocepa olowa sekondale anali ndi mwai umene anzao zikwi zambiri analibe, ndi kuti mwai wotere uli ngati ngongole kwa anthu a m'mudzi. Pa cifukwa cimeneci anayambitsa phunziro la citukuko, m'mene ana anaphunzira cimene cimasaukitsa dziko ndi cimene cimalilemeretsa. Ndipo zimene anamva m'kalasi anakaziyesa ndi manja ao pothandiza mudzi.

Panatsala bvuto la ana otsiriza pulaimale amene sanapeze malo ku sekondale. M'caka ca 1965 gulu loyamba la anyamata ophunzira kumanga, lochedwa Builders' Brigade, linayamba ku Serowe komweko. Anyamatawa anali kumangira anthu nyumba pa mtengo wocepa, ndipo ndalama zimene anapeza zinalipira maphunziro ao. Masiku ambiri anali pa nchito, masiku ocepa m'kalasi. Pambuyo pace panabwera magulu a ukalipentala, ulimi ndi kuomba nsaru, ndipo nzeru imeneyi inafalikira ku midzi yina ya dzikolo.

Sikuti zonse zinayenda bwino ai. Ana ena a ku Swaneng anadandaula kuti anabwera kudzakhoza mayeso ndi kukhala makalaliki, osati kudzaponda dothi. Sanali opusa, pakuti malipiro a mu ofesi anali oposa a mmisiri, ndipo wolemba anthu nchito anali kuyang'ana cipepala ca mayeso, osati khoma limene mwana anamanga. Ngakhale zinali tero, Boma la Botswana linatenga mbali ya maganizo amenewa. Kuyambira m'caka ca 1980 kufikira 2000, anyamata ndi atsikana otsiriza Fomu 5 anali kutumizidwa ku midzi kwa caka cimodzi, kukathandiza m'masukulu ndi m'zipatala, pa makonzedwe ochedwa Tirelo Setshaba.

Ku Zambia nakonso, m'caka ca 1975, Boma la Dr. Kenneth Kaunda linalamula kuti masukulu akhale ndi minda ndi nchito zina zopindulitsa, ndiponso kuti otsiriza Fomu 5 alowe Zambia National Service. Kulowa kokakamizaku kunalekeka patapita zaka zocepa, matenda atabuka m'misasa. Apa panaoneka kuti wotumiza ana a eni kukagwira nchito ayenera kuyamba wasamala za madzi akumwa, cakudya ndi pogona.

Tsono kholo lakumva kuti mwana wace alikugwira nchito yothandiza anthu lisafulumire kukwiya, koma lipite kwa mphunzitsi wamkuru ndi mafunso atatu. Kodi nchitoyo igwirizana ndi zimene mwana aphunzira m'kalasi? Kodi phindu lace lipita kwa anthu onse, kapena ku munda wa munthu mmodzi? Kodi aphunzitsi agwira pamodzi ndi ana, monga anacitira a ku Swaneng, kapena angoimirira pamthunzi? Mayankho akakhala abwino, mwanayo sanataye nthawi, pakuti adzaturuka m'sukulu wodziwa masamu a pa pepala ndi a pa khoma pomwe, ndiponso wosanyoza nchito imene inamlera.