ALIYENSE APHUNZITSE MNZAKE MMODZI

Mau amene analankhula aphunzitsi odzipereka a sukulu za kwacha a m'boma la Dedza pa tsiku la chikumbutso

Tithokoza kuti pa tsiku lalikulu lino mwatipatsa mpata wakuti tinenepo mau. Nkhani yathu ndi ya kuŵerenga ndi kulemba kwa anthu akuluakulu, makamaka ife amayi.

Kalembera wa chaka cha 1998 ndi wa 2008 tiŵasiye, titenge wa 2018. Iye anapeza kuti mwa anthu aakazi atatu ali onse m'Malaŵi muno, pafupifupi mmodzi sadziŵa kuŵerenga ndi kulemba. Boma linachotsa fizi ya ku pulayimale m'chaka cha 1994, koma ambiri a ife nthaŵi imeneyo tinali kale pabanja, mwana kumsana. Enanso analoŵa sukulu nalekera Sitandade 2, ndipo zochepa zimene anaphunzirazo zinauluka.

Kodi kusadziŵaku kutipweteka pati? Taonani. Mayi alima mbatata ya kachewere, nyemba ndi kabichi, nasenza kunka nazo ku Bembeke, ku Chimbiya kapena ku Linthipe. Wogula aika thumba pa sikelo, naŵerenga yekha, nanena yekha mtengo. Mwana wa mayiyo ali ku Johannesburg, watumiza ndalama pa foni. Mayi apereka foni kwa munthu wina pamodzi ndi nambala yachinsinsi. Ku banki m'khonde adinda chala pa buku limene sadziŵa zolembedwamo. Ku chipatala alandira mankhwala a mwana, nafika kunyumba ataiŵala kamwedwe kake. Ndipo Buku Lopatulika, limene linatuluka m'chinenero chathu m'chaka cha 1922, alipo anzathu amene alinyamula Sabata ndi Sabata osatha kupeza pamene mlaliki watchula. Iwo sanena, pakuti ali ndi manyazi.

Tsono tikuuzeni za anthu ena amene nkhani imeneyi aikamba ali pa chakudya. M'mizinda monga Lilongwe ndi Blantyre muli mabungwe a anthu a ntchito zosiyanasiyana, madokotala, maloya ndi amalonda, amene cholinga chao ndicho kuthandiza dera lao. Odziŵika ndiwo Rotary ndi Lions. Rotary inayamba ku Chicago m'chaka cha 1905, pamene loya wina, Paul Harris, anakumana ndi anzake atatu. Mwambo wa nthambi zambiri ndiwo kukumana kamodzi pa mlungu, kaŵirikaŵiri pa nkhomaliro. Wapampando aimba belu, anthu adya, mlendo alankhula mwachidule za vuto lina la m'dera, iwo asonkha ndalama, ndipo ola likatha ali yense abwerera ku ntchito yake. Mwezi wa Sepitembala a Rotary anaupatula kuti ukhale wa maphunziro ndi kuŵerenga, ndipo pa 8 Sepitembala ndi tsiku limene dziko lonse lapansi likumbukira za kuŵerenga ndi kulemba, chiyambire 1967.

Ena a ife tinaitanidwa kukalankhula pa nkhomaliro yotere. Anatilandira mwaulemu, natipatsa makope, choko ndi mapensulo. Koma mmodzi wa iwo anafuna kudziŵa kuti makopewo akafika kumudzi, alipo anthu angati oti akhale pambali pa ophunzira. Funso limenelo ndilo tabwera nalo kwa inu. Ndalama zigula choko ndi bolodi, koma munthu woleza mtima wogwira dzanja la gogo kuti lilembe chilembo choyamba sapezeka m'sitolo.

Chinanso chimene tinaona kwa iwo ndicho kusunga tsiku. Mphamvu yao siili m'mbale za mpunga ai, koma m'kukumana mlungu ndi mlungu osadumphitsa. Ifenso kukumana tidziŵa. Nanga chitiletsa nchiyani?

Ntchito imeneyi si yachilendo m'dziko muno. Ku Mponela inayesedwa m'chaka cha 1947, ndipo m'chaka cha 1986 Boma linakhazikitsa sukulu za kwacha m'dziko lonse. Maphunziro ake atenga miyezi khumi, ndipo aphunzitsi ake ndi anthu a m'mudzi momwemo odzipereka. Koma sukuluzi sizifika mudzi uli wonse. Kuno ku mapiri kwathu, mvula ikagwa anthu ali kumunda, mitsinje yadzaza. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuzizira ndi ntchito ya kudimba zichepetsanso ophunzira. Chifukwa chake pafunika thandizo la pakhomo.

Kunali mmishonale wina, Frank Laubach, amene anaphunzitsa akuluakulu kuŵerenga ku Lanao m'dziko la Philippines kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930. Ndalama zolipirira aphunzitsi zitatha, mfumu ya kumeneko inalamula kuti ali yense wodziŵa kuŵerenga aphunzitse mnzake. Njira imeneyo inafalikira m'maiko ambiri. Siifuna nyumba ya sukulu: khonde ndi mphasa zikwanira.

Mwina wina ati, "Ine sindine mphunzitsi, ndinalekera Sitandade 6." Amayi, zimenezo zikwana. Nazi zimene taphunzira pa ntchitoyi.

Choyamba, yambani ndi dzina lake. Tsiku limene mayi alemba dzina lake ndi dzanja lake, mwamgwira mtima, ndipo maŵa adzabweranso.

Chachiŵiri, chinenero chathu nchokoma kuphunzitsa, pakuti tilemba monga tilankhula. Akadziŵa a, e, i, o, u, mpatseni ma, me, mi, mo, mu, kenaka la, le, li, lo, lu. Posachedwa adzapanga yekha mau monga malo, mame ndi lamulo. Tengani mau a ntchito yake: munda, mbeu, mchere, sikelo.

Chachitatu, masamu ali nao kale m'mutu. Mayi wogulitsa tomato salakwa chenje. Chimene asoŵa ndi manambala olembedwa. Muonetseni pa ndalama, pa thumba la feteleza la makilogalamu 50, ndi pa foni yake.

Chachinayi, musamdzudzule pamaso pa ana, ndiponso musafalitse m'mudzi kuti uje mukumphunzitsa. Iye ndi wamkulu, mwina ndi apongozi anu. Mpatseni ulemu wake.

Chachisanu, yang'anirani maso. Ambiri amene ati mutu wao ngwouma, vuto ndi lakuti zilembo saziona bwino. Ku chipatala cha Nkhoma kuli mbali ya maso, ndipo ku Lilongwe kuli chipatala cha maso chodziŵika ndi dzina la Lions. Magalasi okha abweza ophunzira amene anataya mtima.

Tsono pempho lathu nali. Mayi ali yense wodziŵa kuŵerenga asankhe munthu mmodzi, mnansi, mlamu kapena mayi ake omubala, nakhale naye masana aŵiri pa mlungu, ola limodzi lokha, kufikira miyezi khumi. Kumene kuli sukulu ya kwacha, mperekezeni, ndipo akajomba mukamuone. Alembi a nthambi zathu alembe maina a ophunzitsa, kuti abwenzi a kumzinda akadzafunsanso tidzaŵayankhe ndi chiŵerengero. Abambo amene muli pano, mulole akazi anu apite, ndipo ngati nanunso zilembo zikuvutani, bwerani; safunsa anadya phula.

Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Tifuna kuti pa chikumbutso cha chaka chamaŵa, amayi amene lero adinda chala adzalembe okha maina ao m'buku la opezeka pa msonkhano.