Chipata cha Khola, Chipata cha Makina

Nkhani ya lero ikuyambira pa Mtengowanthenga m'boma la Dowa, m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Lumbadzi ndi Mponela. Alimi a kumeneko, monganso anzawo a kumapiri a Ntchisi, amadziwa kuti khola la ng'ombe lingakhale la mitengo yolimba chotani, mbala imayang'ana pa chipata.

Masiku ano m'zipatala, m'sukulu ndi m'maofesi ambiri, makompyuta amalumikizidwa ndi nthambo zimene zimakumana m'kabokosi kotchedwa switch. Makalata, malipiro a antchito ndi mbiri ya matenda a odwala, zonsezi zimadutsa m'menemo. Kabokosika nakonso kali ndi chipata, cholowera katswiri akafuna kukakonza ali patali. Munthu wachipongwe akapeza chipatachi chosatseka, angathe kuimitsa ntchito ya ofesi yonse, kapena kukopera mwakachetechete zonse zodutsamo.

Njira zolowera zakale ndi ziwiri. Yoyamba ndi Telnet, ya m'chaka cha 1969. Iyi imatumiza mawu achinsinsi osabisa konse, kotero kuti wotchera khutu pa nthambo amawawerenga monga analembedwera. Yachiwiri ndi SNMP, ya m'chaka cha 1988, imene akatswiri amaonera m'mene makina akuyendera. Kwa zaka zambiri makina ankachoka ku fakitale ali ndi mawu olowera ofanana: "public" oonera, ndi "private" osinthira zinthu. Kusiya mawu amenewa kuli ngati kukhoma loko amene kiyi wake ali m'thumba mwa munthu aliyense pa msika.

Ngozi yake inaoneka mu 2016, pamene pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalanda makamera ndi makina ena zikwizikwi pa dziko lonse. Sinathyole kanthu ayi: inkangoyesa pa Telnet mawu a ku fakitale pafupifupi 60 amene eni makina sanawasinthe. Kuno kwathu, mu Febuluwale 2024, a Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti pa nthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba alowa m'makina osindikizira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Anthu ambiri anadikira mapasipoti kwa masabata angapo.

Mankhwala ake alipo, ndipo ambiri safuna ndalama. Mu 1995 Tatu Ylönen wa ku Finland anakonza njira ya SSH, imene imabisa mawu onse odutsa pa nthambo. Iye anatero mawu achinsinsi a anthu atabedwa pa yunivesite yake. SNMP nayo ili ndi mtundu wachitatu, wokhazikitsidwa mu 2002, umene umatsimikiza dzina la wolowa ndi kubisa uthenga.

Tsono mkulu wa chipatala, mphunzitsi wamkulu kapena wapampando wa kopaletivi safunika kukhala katswiri. Angofunsa wokonza makina mafunso asanu. Kodi mawu a ku fakitale anasinthidwa? Kodi Telnet inatsekedwa, ndipo SSH ikugwira ntchito m'malo mwake? Kodi SNMP ndi ya mtundu wachitatu, kapena inazimitsidwa ngati siikufunika? Kodi ndi makompyuta ati okha amene aloledwa kufika pa chipatacho? Nanga wantchito akasiya ntchito, kodi mawu achinsinsi amasinthidwa tsiku lomwelo? Kabokosi kenikeniko kakhalenso m'chipinda chokhoma, pakuti munthu wokafikira ndi manja angathe kukabwezera mwakale.

Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limalanga olowa m'makina a eni popanda chilolezo. Koma chilango cha mbala sichibweza chinsinsi cha wodwala chikamveka m'mudzi. Madzi akatayika sawoleka. Mawa m'mawa, pofika ku ntchito, funsani mafunso asanu aja.