ZA AMALINYERO AMENE ANAFERA PANSI PA NYANJA

Mau amene ananenedwa pa msonkhano, nalembedwa pano kuti amene sanafike awerenge.

 Nkhani imene tadza nayo lero ndi ya maliro, ndipo maliro ace ndi a anthu akutali amene sitinadye nao m'mbale imodzi. Kapena wina afunsa mumtima mwace kuti, Nanga ife a dziko lopanda nyanja ya mcere tiri nao ciani amalinyero a maiko ena? Timyankha ndi mau a makolo akuti maliro n'kulirana. Ndiponso tisanakhale pansi mudzaona kuti nkhaniyi idutsa pafupi ndi khomo lathu.

Sitima imene tinena, imene Angerezi aicha submarine, ndiyo ya nkhondo yoyenda pansi pa madzi. Maonekedwe ace akunga nsomba yaitali yacitsulo yotsekeka ponseponse. M'nthiti mwace muli matanki. Pofuna kumira amalinyero alowetsa madzi m'matankimo kuti sitima ilemere, ndipo pofuna kubvuuka aturutsa madziwo ndi mphamvu ya mpweya wosungidwa m'mabotolo acitsulo. Cotero moyo wa onse a m'katimo uli pa zinthu ziwiri, zitseko ndi mpweya. Citseko cikatseguka pa nthawi yosayenera, nyanja ilowa. Ndipo akakhalitsa pansi, mpweya umene apuma uipa, munthu ayamba kumva mutu, nzeru zace zisokonezeka, nagona tulo tosauka nato. Sitima zazikuru za masiku ano zidzipangira zokha mpweya wabwino, koma za m'caka ca 1939 zinalibe nzeru imeneyo.

Pa 1 June, 1939, nkhondo isanayambe, sitima yatsopano ya Angerezi dzina lace Thetis inaturuka ku Birkenhead, kumene kampani ya Cammell Laird inaipanga, kunka kukayesa kumira m'nyanja ya pafupi ndi Liverpool. Munali anthu 103, ndipo oposa 40 a iwo sanali a sitimayo ai: ena anali amisiri a kampani, ena akuru a nkhondo odzaonerera, ngakhale operekera zakudya analimo. Linali ngati tsiku la kulowa nyumba yatsopano, ndipo cakudza siciimba ng'oma.

Masana mkuru wa sitima, Guy Bolus, analamulira kuti amire, koma sitima inakana, popeza inapepuka. Kutsogolo kwa sitima yotere kuli mphako zacitsulo zoponyera zipolopolo zazikuru zoyenda m'madzi zochedwa torpedo. Mphako iri yonse iri ndi zitseko ziwiri, ca kunja cotsegukira kunyanja, ndi ca m'kati cotsegukira kwa anthu. Mnyamata woyang'anira mphakozo, Lieutenant Frederick Woods, anafuna kudziwa ngati muli madzi kapena ai. Pa citseko ca m'kati pali kampopi kakang'ono koyesera: kakadontha madzi, udziwa kuti mphako yadzala, usatsegule. Anatsegula kampopi ka mphako yacisanu, ndipo sikanadonthe. Koma kabowo kace kanali katatsekeka ndi utoto umene anapaka popanga sitimayo, ndipo citseko ca kunja cinali cotseguka. Pamene anatsegula ca m'kati, nyanja inalowa ndi mphamvu yoti munthu sakanatha kuibweza. Zipinda ziwiri za kutsogolo zinadzala, ndipo mphuno ya sitima inakagunda pansi, pakuya mapazi 150.

Taganizani, Mafumu, kabowo kosalowa ndi cala comwe, ndi utoto wosadzaza supuni. Ife amene tigwira nchito ya ukalaliki tidziwa kuti nambala imodzi yolembedwa molakwa isokoneza buku lonse. Koma buku ulikonza mawa, pamene nyanja siyembekeza mawa.

Amunawo sanataye mtima. Usiku wonse anagwira nchito yoturutsa mafuta ndi madzi akumwa kuti mcira wa sitima upepuke. Ndipo popeza sitimayo inali yaitali mapazi 275, kutaca mcirawo unatumphuka pamwamba pa madzi, mphuno iri pansi. Koma uthenga wakuti Thetis siinabwere unacedwa kufika kwa akuru, ndipo oifuna anayamba kufuna pa malo ena. Sitima yochedwa Brazen inaipeza m'mawa wa pa 2 June, anthu 103 atapuma usiku wonse mpweya umene unayenera anthu owerengeka. Kumcira kunali kacipinda kothawira: alowamo anthu awiri atabvala thumba la mpweya pa cifuwa, adzazamo madzi, natsegula citseko ca pamwamba, nayandama. Anaturuka Captain Oram ndi Woods, pambuyo pace Walter Arnold wosonkha moto ndi Frank Shaw mmisiri wa kampani. Anai okhawo. Ena anayesa, nafera m'kacipindamo, ndipo otsalawo mphamvu zinali zitawathera.

Cimene ciwawa mtima koposa ndi ici, kuti mcira wa sitima unakhala poyera maora ambiri, anthu a m'mabwato naukhudza ndi manja ao, abale ao ali amoyo kuseri kwa citsulo. Zipangizo zoboolera citsulo sizinafike pa nthawi yace. Anamanga mcirawo ndi cingwe ca waya, koma madzulo ace cingwe cinaduka, ndipo Thetis inamira yonse. Anafa anthu 99, akazi ao ali ciimire pa cipata ca kampani ku Birkenhead kuyembekeza mau. Ndipo sabata limodzi lapitalo, pa 23 May, sitima ya ku America yochedwa Squalus inali itamira pakuya koposa apa, mapazi 243. Anafa 26, koma 33 anapulumuka, cifukwa kumeneko anali ndi cipinda cacitsulo conga belu cimene anatsitsa ndi cingwe kukawatenga. Pa maganizo athu, wonena kuti Thetis inaphedwa ndi utoto wokha anena theka la nkhani. Theka lina ndilo kusakonzeka kwa amene anali pamtunda.

Anaikoka sitimayo pang'ono pang'ono, ndipo inafika pa mcenga wa cisumbu ca Anglesey pa 3 September, 1939, tsiku lomwelo limene Britain analowa m'nkhondo ndi Germany. Cotero kulira kwa mabanja 99 kunamizidwa ndi phokoso la nkhondo. Mitembo 44 anaiika m'manda amodzi ku Holyhead, ndipo ku Birkenhead maina onse alembedwa m'nsanja ya chalichi cakale ca St Mary.

Inu Mafumu oweruza milandu, imvaninso ici. Akazi amasiye anapita ku bwalo kukafuna cipepeso, napempha kuti makalata a mapangidwe a sitimayo aonetsedwe. Boma linakana, linati makalatawo ali ndi zinsinsi za nkhondo. Ndipo m'caka ca 1942 bwalo lalikuru la House of Lords linabvomereza kuti nduna ya Boma ikatero, woweruza sayenera kuwaona. M'caka ca 1946 bwalo lomwelo linagamula kuti Woods analibe mlandu, ndipo amasiyewo anabwerera manja ali m'khosi. Sitinena kuti mnyamatayo anayenera kusenza yekha imfa ya anthu 99. Iai, pakuti anakhulupirira kampopi kamene anampatsa. Koma tifunsa, ndi bwalo lanji la kwathu kuno limene lingaweruze mlandu wa imfa mboni yaikuru itatsekeredwa m'nyumba? Mlandu suola: m'caka ca 1968 bwalo lomwe lija linatembenuza mau ace pa mlandu wina, linati woweruza ali nayo mphamvu yakuona yekha makalata otere. Koma amasiye a Thetis sanapindule nako.

Sitimayo anaikonza, naipatsa dzina lina, Thunderbolt, nalowetsamo anyamata ena, amene anadziwa bwino lomwe nyumba imene anali kugonamo. Inamenya nkhondo zaka ziwiri ndi miyezi, ndipo pa 14 March, 1943, sitima ya Ataliyana yochedwa Cicogna inaimiza pafupi ndi cisumbu ca Sicily. Ulendo umenewo sanaturuke ndi mmodzi yense.

M'nkhondo imeneyo imfa yotere inali ya masiku onse. A ku America anataya sitima za pansi pa madzi 52, ndi amuna oposa 3,500. Kwa Ajeremani kunali koopsa koposa, pakuti mwa amuna anai alionse olowa nchitoyo, pafupi atatu sanabwere, ndipo maina ao ali pa zitsulo ku Möltenort, pafupi ndi Kiel. Ambiri a iwo alibe manda oti mwana akasese. Sitima ndiyo bokosi lao, ndipo nyanja ndiyo mtumbira. Tsono anzao otsala anafuna njira yina yowalirira. Ku London asonkhana mwezi wa November caka ndi caka pa cikumbutso cimene cinaimikidwa m'mbali mwa mtsinje wa Thames m'caka ca 1922. Ku America ali ndi mwambo umene utikondweretsa: mmodzi aimirira nachula dzina la sitima yotayika ndi ciwerengero ca anthu ace, wina naomba belu, kufikira sitima zonse zitatha. Ndipo pakati pao sanena kuti anzao anafa. Anena kuti akali pa ulonda, popeza anaturuka pa doko ndi lamulo, ndipo palibe anawamasula. Amene anamenya nkhondo ija atsala owerengeka tsopano, ndipo belulo liri m'manja mwa amene anadza pambuyo pao.

Tsopano tifike pakhomo pathu, ndipo pano mau atilemera. Sitima zimenezi sizinapangidwe kuti zikaone nsomba. Nchito yace inali kumiza sitima zinzace mobisala. Asilikari athu a King's African Rifles, a dziko lino limene pa nthawiyo linali kuchedwa Nyasaland, anaoloka nyanja yaikuru kucokera ku Mombasa kunka ku Ceylon, ndi kupitirira ku Burma. Pa njira yomweyo, pa 12 February, 1944, sitima ya pansi pa madzi ya Ajapani, I-27, inalasa sitima yonyamula asilikari yochedwa Khedive Ismail, pafupi ndi zisumbu za Maldives. Inamira m'mphindi zosakwana zisanu. Mwa anthu 1,511 anafa 1,297, ambiri a iwo asilikari a mizinga a ku East Africa, pamodzi ndi akazi 77, ena a iwo anamwino. Sitima ziwiri za Angerezi, Petard ndi Paladin, zinaponya mabomba ophulika pansi pa madzi opulumuka akali kusambira pomwepo, ndipo ena anafa ndi mabomba a anzao. Potsiriza I-27 inamizidwa tsiku lomwelo pamodzi ndi anthu ace. Maina a ambiri a m'Khedive Ismail ali pa cikumbutso ku Nairobi.

Nanga tidzatani nao amalinyero a I-27 ndi ena otere? Sitiyamika nchito yao, ndipo sitipempha munthu amene atate ace kapena ambuye ace anayenda pa nyanja imeneyo ndi mantha kuti aiwale. Koma tiona kuti wolasa ndi wolasidwa agona m'madzi amodzi, ndi kuti ku Japan nakonso kunali amai amene analira maliro opanda mtembo. Cisoni cotere ife sitisowa wotifotokozera. Pa 30 July, 1946, sitima yathu ya Vipya inagubuduzika ndi namondwe pa nyanja yathu, kufupi ndi Florence Bay, kumene lero kuchedwa Chitimba, ndipo anthu 145 anamira. Midzi ya ku nyanja idziwa kuwawa kwace kwa kumeta maliro ndi kuphika mowa wa bona popanda manda oloza.

Ndipo nkhondo itatha nyanja siinaleke. Pa 10 April, 1963, sitima ya ku America yochedwa Thresher inamira ndi anthu 129. Ya ku Argentina, San Juan, inatayika m'caka ca 2017 ndi anthu 44, niipezeka patapita caka cathunthu. Koma imene ife alembi sititha kuiiwala ndiyo Kursk ya ku Russia, imene inaphulika pa 12 August, 2000, ndi anthu 118. Amuna 23 sanafe nthawi yomweyo. Anasonkhana m'cipinda ca kumcira, madzi akulowa, kuunika kukutha. Mmodzi wa akuru ao, Dmitri Kolesnikov, anatenga pepala nalemba maina a onse amene anali naye pomwepo, ndipo mau ena anawalemba mumdima, mocita kufufuza ndi dzanja. Pepalalo linapezeka m'thumba mwace pamene anabvuula mtembo wace patapita miyezi iwiri, ndipo ndi pepala limenelo mabanja anadziwa amene anali m'cipindamo.

Tsono Bambo wa pa Mpando, ngati Mafumu alola, tipempha kuti tonse tiimirire ndi kubvula zipewa. Mlembi adzachula sitima imodzi imodzi, kuyambira Thetis, ndi Khedive Ismail, ndi Vipya, kufikira Kursk ndi San Juan, pamodzi ndi ciwerengero ca anthu ace. Ndipo popeza tiribe belu la m'sitima, mnyamata wa pakhomo adzaomba khasu limene tiitanira nalo msonkhano, kamodzi pa dzina liri lonse.