Mutu wa Chipembere pa Malaya a Msilikali



M'nyumba zina za m'chigwa chino cha Luangwa, pansi pa bokosi lachitsulo losungiramo makhadi a ubatizo ndi mapepala akale a msonkho, mupezeka chithunzi chofiirira cha mnyamata wovala kabudula wa kaki ndi chipewa chopindidwa mbali imodzi. Mwana wa sukulu akafunsidwa za munthuyo, ayankha kuti, "Ndi agogo, anapita ku nkhondo." Nkhondo yake iti, dziko lake liti, chaka chake chiti, mwanayo sadziwa, ndipo kawirikawiri atate wake sadziwanso. Komatu chithunzi chotere chikhoza kuwerengedwa monga kalata, ngati mphunzitsi adziwa poyambira.

Poyambira ndi pa chipewa. Ngati pali mbalame ija ya miyendo yaitali ndi nthenga zonga golide pamutu, imene imayenda m'magulu m'madambo a Luangwa, msilikaliyo anali wa Northern Rhodesia Regiment, gulu limene linapatulidwa ku apolisi mu 1933, ndipo linasanduka Zambia Regiment mu 1964. Batalioni yake yoyamba inalawa nkhondo pa Tug Argan, ku British Somaliland, mu August 1940, pamene Ataliyana anawachulukira, nawakankhira ku doko la Berbera. Atatha kuona chipewa, mphunzitsi ayang'ane pa mkono wa malaya, m'munsi mwa phewa. Akaonapo kansalu ka mutu wa chipembere, adziwe kuti mwini chithunzi anali wa 11th East African Division.

Divishoni imeneyi inakhazikitsidwa mu February 1943, ndipo wamkulu wake anali Major-General Charles Fowkes. Inali ndi mabrigedi atatu, 21, 25 ndi 26, ndipo brigedi iliyonse inali ndi mabatalioni atatu. Batalioni yoyamba ya kwathu kuno inali mu brigedi ya 21, pamodzi ndi batalioni yachiwiri ya King's African Rifles ya ku Nyasaland ndi yachinayi ya ku Uganda. A ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika analamulidwa m'Chiswahili; a Northern Rhodesia ndi Nyasaland m'Chinyanja. Kotero Msenga wolembedwa usilikali pa boma la Lundazi anayenera kuphunzira Chinyanja pamodzi ndi kagwiridwe ka mfuti.

Mu 1943 anaoloka nyanja kunka ku Ceylon, dziko limene lero litchedwa Sri Lanka, kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango. Si onse anafika. Pa 12 February 1944 sitima yotchedwa Khedive Ismail, itanyamula asilikali a mizinga a ku East Africa, inamizidwa ndi sitima ya pansi pa madzi ya Ajapani pafupi ndi zilumba za Maldives, ndipo anthu oposa 1,200 anafa.

Ntchito yaikulu inadza mu August 1944. Ajapani anali atagonja pa Imphal ndi Kohima, nayamba kubwerera m'mbuyo. Ndipo General William Slim, mtsogoleri wa Fourteenth Army, sanafune kuti apume kufikira mvula itatha. Anatuma divishoni ya chipembere kuti iwatsate m'chigwa cha Kabaw ku Burma, pakati pa dzinja. Apa mphunzitsi wa kwa Chifunda ali ndi mwayi umene wa ku Lusaka alibe, pakuti ana ake adziwa kale chimene chigwa chimachita mvula ikakhazikika: mitsinje idzaza usiku umodzi, dothi ligwira mapazi, galimoto silipita, ndipo udzudzu sugonetsa. Kabaw anali wotero, ndi kuposa. Asilikali anadula mitengo naiyala mopingasa m'matope kuti ukhale msewu. Zakudya zinaponyedwa kuchokera m'ndege za Dakota. Tsiku ndi tsiku anameza mapiritsi a mepacrine oletsa malungo, koma panalinso nthenda ina yotentha thupi, yodza ndi tizilombo ta m'maudzu, imene inagwetsa ambiri. Ana adzaseka akamva kuti njovu, imene kuno imatha munda wa chimanga usiku umodzi, kumeneko inali yoweta, ndipo inanyamula zipika zomangira milatho ya asilikali.

Pa 2 December 1944 divishoni inalanda Kalewa, pa mtsinje wa Chindwin, niolokera tsidya lina. Pamenepo panamangidwa mlatho woyandama wa mapazi 1,154, ndipo magulu ena anadzerapo kunka m'kati mwa Burma. Itatero divishoni inatengedwa kukapuma ku India, ndipo nkhondo inatha mu August 1945 isanabwererenso kukamenyana. Maina a malo amenewa sanatayike. Ku Ndola kuli Tug Argan Barracks ndi Kalewa Barracks, ku Kabwe kuli Chindwin Barracks, ndipo ku Lusaka anthu ayenda pa Burma Road.

Maina a malo anasungidwa, koma maina a anthu ndiwo asowa. Zithunzi zambiri za nkhondoyi zili ku Imperial War Museum mu London, zojambulidwa ndi anthu amene boma linawatuma. Mphunzitsi aziwerenge mochenjera, pakuti wojambula anafuna kulimbitsa mitima ya anthu kwawo. Chifukwa chake asilikali aoneka akumwetulira, mfuti zili zoyera, ndipo odwala saoneka kwenikweni. M'munsi mwa chithunzi, mkulu wa asilikali Mzungu kawirikawiri atchulidwa dzina, koma Mwafirika angolembedwa kuti askari. Pa nkhondo imeneyo Mwafirika wa m'magulu awa sanaloledwe kukhala ofisala. Anathera pa usajeni-meja, ngakhale anali wodziwa nkhondo kuposa mnyamata womulamulira. Mendulo nazonso sizithandiza, pakuti nyenyezi ya Burma Star inaperekedwa yopanda dzina kumbuyo kwake. Tsono chithunzi chosaoneka bwino cha m'bokosi la kumudzi chiposa chokongola cha ku London pa chinthu chimodzi: pali nkhalamba imene ikhoza kuloza ndi chala ndi kunena kuti uyu ndi uje, mwana wa uje, wa m'mudzi wakuti.

Nkhalamba zimenezo sizidzadikira. Mnyamata wa zaka 18 mu 1944 anabadwa mu 1926. Ana a Giredi 5 akhoza kuwerengera okha msinkhu wake. Otsala ndi ana a asilikaliwo, amene nawonso ayenda ndi ndodo, ndipo chiswe ndi chinyezi cha dzinja zigwira ntchito yake pa pepala.

Mphunzitsi asatume ana kukatenga zithunzi kwa makolo, pakuti chithunzi chikalowa m'thumba la mabuku sichibwerera chamoyo, ndipo banja silidzakhulupiriranso sukulu. Apite yekha, atayamba wapempha kwa mfumu ya mudzi, nakhale pansi ndi mwini chithunzi. Alembe kumbuyo kwake ndi pensulo yofewa, osati ndi inki imene ilowerera: dzina la msilikali, mudzi wake, ndi dzina la amene wafotokoza. Afunsenso ntchito yake, chifukwa si onse anagwira mfuti. Ena anayendetsa malole, ena ananyamula ovulala pa machira, ena anatumiza mauthenga pa wailesi. Asafulumire kunena kuti chithunzi chilichonse ncha ku Burma, pakuti mabatalioni ena a kuno anapita ku Madagascar mu 1942, ndipo yoyamba ija inatumidwanso ku Malaya m'zaka za m'ma 1950.

Choposa zonse ndi nambala ya usilikali, ngati ipezeka pa chikalata chotulukira usilikali. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission lisunga maina a akufa pamodzi ndi manambala awo, ndipo pa manda a Taukkyan, pafupi ndi Yangon, pali chikumbutso cha maina pafupifupi 27,000 a iwo amene manda awo sadziwika. Alembi a nthawi ija analemba dzina monga linamvekera m'khutu mwawo, kotero kuti dzina lachisenga likhoza kusanduka lachilendo ndithu. Koma nambala ikagwirizana, munthuyo ndi yemweyo. Zonse zimene mphunzitsi wapeza azilembe m'makope awiri, limodzi likhale pa sukulu, lina kwa Amfumu Chifunda.